Mbiri ya moyo wanga: tsamba lomaliza la kafukufuku wa kachewere

Ndithokoze kaye nonse amene munalemba ndemanga pa gawo lapitali, makamaka inu amene munandikumbutsa kuti nkhani ya chionetsero cha sayansi ndinaisiya panjira. Mukukumbukira kuti ndili Fomu 3 ndinkakhala ndi agogo ku Bembeke, bambo atatisiya, ndiponso kuti aphunzitsi a zaulimi anasankha ine ndi mnzanga wina kuti tikaimire sukulu yathu ku chionetserocho.

Kafukufuku wathu anali wa kasungidwe ka mbewu ya kachewere, chifukwa kwathu ku Dedza, monganso ku Tsangano ndi ku Lizulu, mbatata imeneyi ndiyo imalipirira ana fizi. Tinasankha mbatata zofanana kukula, zina tinazimangira m'thumba n'kuziika mumdima kuseri kwa chitseko, zina tinaziyala pakhonde, powala koma posafika dzuwa, ndipo Loweruka lililonse ndinkayeza mphukira ndi rula n'kulemba mukope. Za mumdima zinatulutsa mphukira zazitali, zoyera, zothothoka ukangozikhudza, pamene za pakhonde zinatulutsa zazifupi, zonenepa ndi zolimba, khungu lake n'kubiriwira. Agogo anatiletsa kuphika zobiriwirazo, ndipo ankanena zoona, pakuti kubiriwirako kumayendera limodzi ndi poizoni wotchedwa solanine.

Mavuto anayambira pa tsamba lomaliza. Aphunzitsi omwewo anali atatiphunzitsa kuti potseka lipoti munthu amabwerera ku funso limene anayamba nalo, amanena ngati zimene ankayembekezera zatsimikizika, amatchula zimene zikanasokoneza zotsatira, kenako amasonyeza chimene chatsala kufufuzidwa. Ine ndinatsata zimenezo. Ndinalemba kuti mbatata za powala zinapereka mphukira zazifupi ndi zolimba. Kuti pakhonde pankazizira ndi kupita mphepo kuposa m'nyumba, makamaka mu Juni ndi Julayi, choncho kuwala sikunali kusiyana kokhako. Ndiponso kuti za zokolola sitingazidziwe mpaka mbewuzo zitabzalidwa.

Aphunzitsi anakhwatcha ndime yonseyo ndi cholembera chofiira, nalemba pamwamba pake kuti mbewu yosungidwa powala imabereka zochuluka. Ndinawayankha mwaulemu, manja ali kumbuyo, kuti, "Aphunzitsi, komatu sitinabzale ngakhale phando limodzi." Iwo anati mabuku amatero, ndipo oweruza amafuna mfundo yothandiza alimi. Nditapempha kuti mawu amenewo tiwalembe ngati zonena mabuku osati ngati zopeza zathu, anandiimika pamaso pa kalasi yonse, nati mwana woleredwa ndi agogo sadziwa mwambo. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero, chifukwa anakhudza munthu amene ankadzuka mbandakucha kukagulitsa ndiwo kuti ine ndikhale m'kalasimo. Dzina langa analimata ndi pepala pa tchati chimene ndinajambula ndi manja anga. Yunifolomu ndinali nditaisita kale ndi simbi yamakala, agogo anali atandikazingira mtedza wa kamba wapaulendo, koma tsikulo mnzanga anakwera galimoto yekha ndi kope langa m'manja, ine nditaima kuseri kwa ofesi kuti asandione ndikulira.

Kwa inu amene munalemba kuti mwana wasukulu ayenera kungomvera, yankho langa ndi ili: sindinatsutse mabuku, ndipo alangizi a zaulimi amalimbikitsadi kusunga mbewu ya kachewere powala. Chimene ndinakana n'kulemba kuti tinaona chinthu chimene sitinachione.

Atabwerako, mnzanga anandiuza kuti oweruza anamufunsa makilogalamu amene tinakolola mbali iliyonse, iye n'kusowa chonena. Sindinamuimbepo mlandu, ndipo ndife abwenzi mpaka pano. Aphunzitsi aja anasamutsidwa chaka chotsatira tisanalankhulanenso. M'gawo likubwerali ndifotokoza za mayeso a MSCE, ndi mmene amalume analowererera pa nkhani ya fizi.