Anandikumbira nsomba ndi khasu ku East Bank

Tayala lakumbuyo linaphwa titadutsa Masenjere, titangokhotera kanjira kolowera kudambo. Inali 11 koloko m'mawa, mwezi wa Okutobala, ndipo amene munafikako ku Chigwa cha Shire nyengo imeneyi mukudziwa kuti dzuwa la kumeneko silicheza ndi munthu. Wakabaza wanga, amene tinapangana K18,000 pa Thabwa atalira nazo za kusowa kwa petulo, anangoti, "Biggie, khalani pansi pa nimu apa, ndikamatitse, sindichedwa." Anatha maola atatu.

Ulendowu unali wokaona mbalame ku Elephant Marsh, dambo lalikulu la mtsinje wa Shire lomwe David Livingstone anapezako njovu mazanamazana mu 1859. Njovuzo kulibenso. Mu 2017 dambolo linalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, koma msewu wake nkhaniyi sunaimve. Ine ndimadwala mphumu, ndiye fumbi la m'njiramo linali litanditseka kale pachifuwa. Ndinakhala pansi n'kumapuma ngati mbuzi yokokedwa kumsika.

Chapatali pang'ono, pa thope louma long'ambikang'ambika, panali mkulu wina ndi mdzukulu wake akukumba. Ndinapita kukawapatsa moni.

"Mukukumba mbewa, agogo?"

"Iyayi mwananga, dowe."

Ine dowe amene ndimamudziwa ndi chimanga chachiwisi chootcha, ndiye ndinaseka, kuganiza kuti akundiyesa mlendo. Iwo sanaseke. Anandilozera kabowo kakang'ono pathopepo, koti chala chikhoza kulowa, n'kuyamba kugaula mozungulira mosamala ngati akukumba chinangwa. Atafika pafupifupi kuya kwa mkono anatulutsa chibuma. Atachiswa munali chinthu chokutidwa ndi kachikopa kofiirira, kouma ngati tsamba la fodya. Mdzukulu uja anasenda, ndipo m'katimo munali nsomba, yodzipinda, mchira itafunda kumutu. Yamoyo.

Anaiika mu beseni la madzi. Kwa nthawi ndithu inangokhala ngati mtembo, kenako inayamba kudziwongola. Ndi yaitali, yoterera, ndipo m'malo mwa zipsepse ili ndi tizingwe tinayi tolendewera ngati mizu. Ndiye inakweza mutu pamwamba pa madzi, n'kuyasamula, n'kumeza mpweya ine ndikumva. Ndinafuna kuikhudza, agogo aja n'kundimenya padzanja. "Chala chimenecho mukuchifunabe? Imaluma iyi."

Anandifotokozera kuti madzi akayamba kuphwa, dowe amaboola thope n'kudzikwirira, thupi lake n'kutulutsa zonanda zomwe zimauma kukhala kachikopa kaja. Amangosiya kampata kapakamwa kolunjika kubowo, n'kumapumira pomwepo mpaka mvula. Sadya kanthu miyezi yonseyo. Koma chimene chinandiimika mutu ndi ichi: "Ikakodwa mu mono pansi pa madzi osapeza potulutsira mutu, mawa muipeza yafa. Imamira." Nsomba kumira! Aphunzitsi anga a Sitandade 6 akanamva zimenezi bwenzi atandithamangitsa m'kalasi.

Pofika masana anali atakumba atatu, ndipo anandikakamiza kupita kwawo. Mayi a kunyumbako, ataona kuti ndikufunsa kwambiri, anandiitanira pamene amatumbulira. "Bwerani muone nokha, achimwene, musamangovutitsa madalawa." Anang'amba mimba ndi mpeni, n'kusuntha matumbo, ndipo chakumsana kunali timatumba tiwiri titalititali, tofewa, tokhala ndi timapanga m'kati. Mapapo enieni, osasiyana kwenikweni ndi amene timakanganirana pa chiwaya cha mbuzi. Makha ake, zofiira zija za m'mbali mwa mutu zomwe nsomba zimapumira, anali ochepa momvetsa chisoni.

M'dengu munalinso makakana ndi milamba yomwe mwana wawo anabwera nayo kuchokera kudooko, ndiye mayiwo anachita kundiyalira. Makakana ali ndi makha odzadza, ofiira, a timizere tambirimbiri ngati chipeso. Madzi amalowera kukamwa n'kudutsa pamenepo, magazi n'kutengapo okosijeni. Ukaitulutsa m'madzi timizere tija timamatana, basi yatha. Mlamba anausadzula mutu n'kundionetsa, pamwamba pa makha, kanthu kofiira kanthambinthambi ngati kamtengo. Ndi kameneko kamene kamaulola kupuma mpweya wa kunja, n'chifukwa chake umatha kukwawa pa udzu wonyowa kuchoka pa chithaphwi china kupita china. Ndakhala ndikudya mitu ya milamba zaka zonsezi, kamtengoko ndikukatafuna osadziwa ntchito yake.

Ukakhala kudamboko zimamveka msanga chifukwa chake. Mumpweya womwe timapumawu, magawo 21 pa 100 aliwonse ndi okosijeni, pomwe madzi amasunga wochepa kuwirikiza pafupifupi ka 30, ndipo akatentha amachepanso. Onjezani madzi osayenda, zomera zowola ndi namasupuni atatseka pamwamba. Nsomba yodalira makha okha imavutika ngati mmene ndinkavutikira ine pansi pa nimu paja.

Usiku netiweki itagwira ndinafufuza. Nsomba zamapapo zotere zatsala mitundu 6 yokha padziko: inayi muno mu Africa, umodzi ku South America, wina ku Australia. Zotsalira za makolo ake zimapezeka m'miyala ya zaka pafupifupi 400 miliyoni zapitazo, ndipo asayansi amati pa nsomba zonse zamoyo lero, zimenezi ndiye abale apafupi kwambiri a achule, abuluzi, mbalame ndi ife. Ndiye kuti mapapo anayambira m'madzi momwemo, nyama zisanakwere kumtunda. Kathumba kampweya kaja timakaphulitsa potumbula chambo, kamene kamathandiza nsomba kuyandama, kanachokera ku mapapo akalewo. Charles Darwin, m'chaka chomwecho cha 1859, analemba motembenuza, kuti mapapo ndiwo anachokera ku kathumbako. Zina mwa izi ndinali nditazitchulako masana aja, zimene ndinkakumbukira za ku sekondale, ndipo agogo anangoti, "Mulungu anadziwa kuti kuno kumauma." Sindinatsutse. Munthu sukangana ndi amene akukusambitsa m'manja.

Dowe wake anamuphika ndi tomato ndi mchere basi. Mnofu wake ndi woyera, wofewa, wopanda timinga tovutitsa tija, koma kafungo kathope kanalipo, ndisaname. Anandiuza kuti ena m'mudzimo sadya, amati ikufanana ndi njoka. Nditamaliza ndinafuna kusiya K5,000, mayi aja n'kukana mpaka kukwiya. Kenako ndinawagulira shuga ndi sopo pa kaokala, apo ndiye analandira n'kuti "takhuta." Kumeneko takhuta ndi zikomo, musaganize kuti akukana chakudya.

Kudambo ndinalowa m'mawa mwake pa bwato. Nyamukani dzuwa lisanatuluke, tengani chipewa ndi madzi ambiri, ndipo mtengo mugwirizane musanakwere, chifukwa wopalasa wanga anakumbukira ali pakati pa madzi kuti ndalama ija inali yopita kokha. Mvuu tinaziona zitatu, mphuno zokha pamwamba, zikutseka n'kumira, patapita mphindi zingapo n'kuphulika poteropo. Mbalame zinalipo zambiri, koma ndinapezeka ndikungoyang'ana m'madzi, kudikira kuti mwina pena patuluka mutu womeza mpweya.

Pobwerera ndinagula milamba iwiri pa dooko, K3,000, n'kuikulunga ndi udzu wonyowa m'jumbo. Minibasi inadikira kudzadza pa Thabwa ola lathunthu, kenako inayamba kukwera zitunda zija ikulira ngati nayonso ili ndi mphumu. Tili pakati pa phiri jumbo ija inayamba kuphiriphitha pansi pa mpando, mayi amene ndinakhala nawo n'kukuwa kuti mwalowa njoka. Kondakitala atasuzumira anati katundu wamoyo amalipira payekha, ndipo tinakangana mpaka pa Chadzunda.