Buluku Langa M'nkhokwe ya Amaya

Kwathu mpaka lero amakhulupirira kuti ndinapita kunja kukakumba golide. Amalume akaimba foni amafunsabe ngati ndatolako kanthu. Ndinatopa kuwafotokozera kuti sukulu yangayi ndi ya padzala: timafukula zinyalala za anthu amene anamwalira kalekale, n'kumaziwerenga chimodzichimodzi.

Kunena zoona, popita ku Belize, dziko la ku Central America, chaka choyamba cha digiri yachiwiri, nanenso maganizo anga anali ngati a amalume. Ndinali nditaona zithunzi za Xunantunich, mzinda wakale wa anthu a mtundu wa Amaya wokhala ndi chinyumba chamiyala chotalika pafupifupi mamita 40, ndiye ndinkadziona ndikutuluka m'manda a mfumu, mikanda yobiriwira ili phaa m'manja. Tsiku loyamba aPulofesa, mayi wamfupi wosaseka chisawawa, anandilozera kachulu kolekeza m'mawondo.

"Pako ndi apa. Panali nyumba ya mlimi zaka zoposa 1,000 zapitazo."

Ndinayang'ana kachuluko, ndinayang'ananso iwo. Anandiuza kuti kuyambira m'ma 1950, pamene katswiri wina, Gordon Willey, anayeza timilu totere ku Barton Ramie m'mbali mwa mtsinje wa Belize, akatswiri anazindikira kuti mbiri ya Amaya siili kwa mafumu okha. Ilinso kwa mayi amene ankadzukira kupera chimanga. Nyumba zawo zinali zamitengo, zofolera ndi masamba, zomangidwa pa kansanja kamiyala mozungulira bwalo. Mitengo inawola, kunatsala kansanjako, mapale, zigoba za nkhono, timipeni ta mwala wakuda wonga galasi, ndi mphero. Tsiku limene ndinafukula mphero ndi kamwana kake mtima unandigunda, chifukwa inali chimodzimodzi ya agogo. Paja chimanga chimene timati ndi chathuchi chinachokera mbali yomweyi ya dziko.

Chimene chinandipweteka ndi pakamwa.

Tinkakumba ndi abambo a ku San José Succotz, mudzi umene anthu ake akhala akugwira ntchitoyi mibadwomibadwo, moti akangogogoda dothi amadziwa kuti pansi pali chiyani. Madzulo ena tikudya mpunga ndi nyemba, akapitawo, mdala wa imvi, anandikankhira mbale ya tsabola wa habanero n'kundichenjeza kuti ndingolawako. Ine ndinaseka. Ndinawauza kuti ndinakulira kambuzi, tsabola wawoyu kwathu timapatsa ana. Ndinatafuna atatu, misozi ndikuibweza ndi mphamvu, onse akuwomba m'manja.

Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha, m'mimba munayamba msonkhano. Chimbudzi chinali kutali ndi matenti, ndipo nditayenda pang'ono ndinadziwa kuti sindikafika. Ndinakhotera kutchire, kuseri kwa kachulu kena kamene tinali tisanalambule, n'kunjuta.

Kenaka, pamwamba penipeni pa mutu wanga, chinthu chinabangula.

Anali atandiuza kuti m'nkhalangomo muli anyani olira usiku. Ine anyani ndimawadziwa, ndinapirikitsana nawo m'munda ubwana wanga wonse. Koma ichi sichinali kulira kwa nyani. Chinali ngati mkango watsamwa fupa m'kati mwa mgolo. Ndinakumbukira kuti kunoko kuli akambuku akuluakulu okwera m'mitengo, ndipo sindinafunenso umboni wina. Ndinaliyatsa liwiro la mtondo wadooka, dzanja lina tochi, dzanja lina buluku.

Mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, nthaka inangondimeza. Fwuu! Ndinalekezera m'khwapa. Mutu ndi mikono zili panja, miyendo ikupalasa m'malere ngati ndili panjinga. Tochi inauluka. Buluku, poti ndinalisiya kuti ndidzigwirire, linatsetsereka pang'onopang'ono, linadutsa m'mawondo, linatsanzika ku akakolo, ndipo ndinalimva likutera pansi, phu.

Pafupi panali kamtengo. Ndinakakumbatira, kukakoka, kukakanda mpaka kutuluka utomoni, koma osatuluka m'dzenjemo. Ndinakhala choncho mpaka kunja kunayera, udzudzu ukuchita phwando, ndipo m'pamene ndinamuona mdani wanga panthambi: kanyani kakuda kosaposa galu wapamudzi, kakutafuna masamba mosatekeseka.

Oyamba kundipeza anali akapitawo. Anaima, anavula chipewa, anandizungulira kawiri.

"Mwanawe, wapeza chultun."

"Bambo, ndizuleni chonde."

"Koma choyamba usiye mtengowo. Ndi chechem."

Chechem, abale anga, ndi chitedze chimene chinapita kusukulu. Utomoni wake umatulutsa matuza ngati wapsa ndi phala. Ine ndinali nditaukumbatira maola awiri ngati m'bale wochokera ku Joni.

Anandizula amuna anayi, wina atabweretsa thumba losefera dothi kuti ndivale. APulofesa atafika sanafunse n'komwe ngati ndavulala. Anagwada, anawalitsa tochi m'dzenjemo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona mano awo. Chultun ndi dzenje limene Amaya ankasema m'thanthwe la laimu, kukamwa kopapatiza kongokwana munthu mmodzi, m'kati motakasuka ngati mtsuko, pamwamba n'kuvundikira ndi mwala. Kumpoto, ku Yucatán, ambiri ankasungiramo madzi amvula. Akumwera kuno akatswiri amakanganabe. Katswiri wina, Dennis Puleston, anayesa kusungamo zakudya ku Tikal, mzinda wakale wa Amaya ku Guatemala: chimanga ndi nyemba zinawonongeka ndi chinyontho, koma njere za mtengo wa ramón zinakhala kupitirira chaka. Zonsezi aPulofesa ankandiphunzitsa ine nditaima pamenepo m'thumba.

Ndinapempha mwaulemu kuti wina andikolereko buluku ndi ndodo.

"Ayi. Chilichonse chili m'katimo chijambulidwe kaye pamene chagona."

Lamulo la ntchitoyi ndi limenelo, ndipo iwo sankalisewera. Chimene chili pamwamba ndiye chatsopano, chapansi ndiye chakale, ukasuntha kanthu usanalembe wang'amba tsamba la buku limene palibenso lina. Buluku langa analijambula pambali pake atayika ndodo yoyezera ndi kamuvi kolozera kumpoto. Mtsikana wina wa m'kalasi mwathu analijambulanso pamanja papepala la timabokosi, lamba ndi matumba omwe, mapewa akugwedezeka. Linalandira nambala. Linatuluka tsiku lachitatu m'kathumba kapulasitiki, patsogolo pa mapale ndi chibenthu cha mphero.

Milungu iwiri yotsatira ndinkayenda mikono ili tambaa ngati nkhuku yonyowa, akapitawo akundimata makungwa a chaka, mtengo wofiira wosupuka khungu umene anthu akumeneko amati umamera pafupi ndi chechem kuti uzichiza zolakwa zake. Habanero ankandikankhirabe madzulo aliwonse, osanena kanthu.

Dzenje limenelo ndi limene linandipatsa digiri, kenaka ntchito yophunzitsa. Masiku ano anzathu amapeza midzi yathunthu ali m'ndege, ndi makina a lidar, oyeza nthaka pogwiritsa ntchito kuwala, amene anaonetsa kukula kwa mzinda wakale wa Caracol wobisika pansi pa mitengo mu 2009. Ndiye pamsonkhano wina wa akatswiri, nditamaliza kulankhula, bambo wina wa ndevu anakweza dzanja.

"Kukamwa kwa chultun sikuoneka bwino ngakhale pa lidar, nanga inu munagwiritsa ntchito njira yanji?"

Kumbuyo kwa holo ndinaona aPulofesa akuvula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono.

"Kafukufuku wapansi," ndinayankha. "Wa m'mamawa kwambiri."

Bamboyo analemba m'kope lake.