Nsanja ziwiri pansi pa ringi

Ndatopa kumva kuti atsikana awiri ataliatali mu timu imodzi ya basketball amangotsekerezana njira. Amene mukutero, kaonereninso Baylor ya 2019, timu ya atsikana ya yunivesite ina ku America, yomwe mphunzitsi wake anali Kim Mulkey.

Kalani Brown, wamanzere, wotalika mamita 2.01, ankakhazikika pafupi ndi ringi, msana atautsamiritsa pa womulonda. Lauren Cox, wa mamita 1.93, ankakwera cha pamzere wa free throw, chapatali pang'ono ndi ringi, mpira uli pamwamba pa mutu, maso ali tcheru. Womulonda Cox akatsika kukathandiza pa Brown, Cox ankaponya yekha. Akamukakamira, mpira unkadutsa pamwamba pa mitu mpaka m'manja mwa Brown, ndipo naye sankautsitsa m'chiuno pomwe afupiafupi angautsomphole. Kulandira, kutembenuka, kugoletsa.

Kwa ine nkhani yonse yagona pa wapamwambayo. Azidziwa kupatsira, komanso aziopedwa akaponya chapatali. Popanda zimenezo adani amangounjikana pakati, ndipo wapansi uja amafa ndi njala ya mpira.

Mu fainolo ya mpikisano wa mayunivesite a ku America chaka chimenecho, yolimbana ndi Notre Dame mumzinda wa Tampa, Cox anavulala bondo m'chigawo chachitatu Baylor ikutsogola bwino. Mtima unandiwawa pomuona akutuluka m'bwalo. Ndiye taonani momwe zinthu zinasinthira atachoka! Notre Dame inayamba kulowa pakati mosaopa mpaka kufananitsa mapointi. Chinapulumutsa Baylor ndi liwiro la wosewera wawo Chloe Jackson, amene anagoletsa kutatsala masekondi ochepa, n'kupambana 82-81.