Dzanja likhale kutali ndi mano a sowo ngakhale thabwa litaterereka

M'mashedi ambiri a makalipentala ku Ndirande, Bangwe, Mbayani kapena Zingwangwa mupeza sowo ya magetsi yomangirira kunsi kwa tebulo, mota ili pambali, lamba ali poyera, mano atatulukira pamwamba popanda chotchinga chilichonse. Ena makina anagula athunthu, koma gadi yotchinga mano anaichotsa tsiku loyamba lomwelo, ati imawatchinga kuona mzere. Mukafunsa amangoti chofunika ndi kukhala tcheru basi.

Kukhala tcheru n'kwabwino, koma tiyeni tiwerengere. Sowo ya mamilimita 250 ya mano 40, ikamazungulira maulendo 4,000 pa mphindi, mano oposa 2,600 amadutsa pamalo amodzi pa sekondi iliyonse. Munthu woti wagona bwino usiku komanso sanalawe kanthu amatenga pafupifupi kota ya sekondi kuti aone choopsa n'kubweza dzanja. Pofika nthawi imeneyo mano oposa 600 adutsa kale pachala. Choncho ntchito iyenera kukonzedwa mwa njira yoti ngakhale thabwa litaterereka, litathyoka kapena litabwerera, dzanja lisapezeke panjira ya mano.

Tiyambe ndi sowo ya patebulo, chifukwa ndi imene yatha zala za amisiri ambiri. Nthawi zambiri si kuti munthu amachita kulowetsa dzanja m'mano akuona. Chimachitika n'chakuti thabwa limabwerera. Mano a kutsogolo amatsika kulowa m'tebulo, ndipo ndi amene amacheka. Mano a kumbuyo amakwera kuchoka m'tebulo. Mpata umene sowo yacheka ukatsekeka n'kupana sowo kumbuyoko, mano okwerawo amanyamula thabwa n'kuliponyera kwa wochekayo, pamimba kapena kumaso. Dzanja limene limakankha thabwa limangopitirira kutsogolo popeza chimene linatsamira chachoka, ndipo kutsogoloko kuli mano.

Mpatawo umatsekeka pa zifukwa zodziwika. Matabwa a paini ambiri amafika mumzinda muno asanaume bwino, ndiye ukamawang'amba amapindika n'kufinya sowo. Bulugamu ndiye woposa, amachita kukhota uku mukuona. Thabwa lopotoka limagwedezeka patebulo. Fensi, chotsamira chowongoka chimene thabwa limatsata pocheka, ikakhala yopendekera mkati chakumbuyo imakanikizira thabwa kumano okwera aja. Sowo yobuntha, kapena yomatidwa ndi utomoni wa paini, imafuna kukankha mwamphamvu, ndipo munthu wokankha mwamphamvu ndi amene amagwera kutsogolo.

Mankhwala ake enieni ndi kachitsulo kokhota kamene kamaima kumbuyo kwa sowo, riving knife. Kamalowa mumpata wochekedwa n'kuuletsa kutsekeka, komanso kamatchinga thabwa kuti lisakhudze mano a kumbuyo. Kayenera kukhala kochindikala kuposa thupi la sowo koma kopyapyala kuposa mpata umene mano amacheka: ngati thupi ndi mamilimita 2.2 ndipo mano amacheka 3.2, kachitsuloko kakhale cha m'ma 2.5. Pakati pa kachitsulo ndi nsonga za mano pasapitirire mamilimita 8, ndipo kaime mzere umodzi ndendende ndi sowo. Amene tebulo lawo n'lopanga okha angathe kukadulitsa kwa owotcherera zitsulo, bola kamangidwe ndi mabawuti awiri kuti kasamagwedere, chifukwa kakakhala kogwedera kangathe kugwera m'mano. Gadi ya pamwamba ija ibwerere pamalo pake, itsitsidwe mpaka pafupi ndi thabwa. Zoti imatchinga mzere si chifukwa: pong'amba thabwa mzere umasungidwa ndi fensi, osati ndi maso.

Fensi muiyese chonchi, pulagi mutazula: sankhani dzino limodzi, lilembeni ndi choko, yezani kuchoka pa dzinolo kufika pafensi lili kutsogolo, kenako zungulizani sowo ndi dzanja dzino lomwelo lifike kumbuyo muyezenso. Miyezo iwiriyi ifanane. Ngati pali kusiyana, kumbuyo kukhale kotakasuka pang'ono zedi, osati kothina. Sowo ikwezedwe mpaka mano atulukire pamwamba pa thabwa ndi mamilimita 5 kapena 6. Palibe phindu lotulutsa theka la sowo pocheka thabwa la inchi imodzi.

Ndodo yokankhira ipangidwe kuchokera ku chidutswa cha mtengo wolimba, yotalika masentimita 45, yokhala ndi kakamwa kumapeto kogwira m'mphepete mwa thabwa. Masentimita 30 omalizira a thabwa lililonse akankhidwe ndi ndodoyi, ndipo kathabwa kocheperapo masentimita 15 m'lifupi kasakankhidwe ndi dzanja n'komwe. Ikhale pafensi pomwepo. Ndodo yopachika kukhoma la kutali sigwira ntchito, popeza palibe amene amasiya thabwa pakati kuti akaitenge. Poima, imani chapambali pang'ono, osati kumbuyo kwenikweni kwa thabwa, ndipo kasitomala wobwera kudzachekesa matabwa asaime kumbuyo kwanu.

Pali zizolowezi ziwiri zimene zimaoneka ngati ukatswiri koma n'zoipa. Choyamba ndi kucheka popanda fensi, kungotsata mzere wa pensulo. Thabwa likangopotoka pang'ono mano a kumbuyo alitenga. Chachiwiri ndi kudula thabwa mopingasa uku nsonga yake ikukhuza fensi: kachidutswa kotsala pakati pa sowo ndi fensi kamatembenuka, kamapanika, n'kuuluka. Podula mopingasa fensi ichoke, thabwa liyende pa chokankhira choyenda mumsewu wa patebulo. Mnyamata wolandira thabwa kumbuyo ntchito yake ndi kulichirikiza kuti lisagwe, osati kulikoka, ndipo aime kupitirira mita imodzi kuchoka pasowo. Tizidutswa totsala pafupi ndi mano tichotsedwe ndi ndodo, kapena dikirani sowo iime. Mukazimitsa imazungulirabe kanthawi mwakachetechete, ndipo ambiri amachekedwa nthawi imeneyi.

Ndiye pali nkhani ya magetsi. Magetsi a ESCOM akathima thabwa lili pakati pa sowo, anthu amatukwana pang'ono n'kukakhala panja, swichi ili choyatsa. Wina amabwera kudzasolola thabwa lija, kapena kuchotsa utuchi pansi pa tebulo, kapena kunola mipeni ya pulena poti nthawi yapezeka. Magetsi sachenjeza pobwera. Makina aakulu onse ayenera kukhala ndi sitata ya mabatani awiri, lobiriwira ndi lofiira, imene imadzimasula yokha magetsi akathima ndipo siyatsanso mpaka munthu atadina. Swichi ya pakhoma ngati ya babu sichita zimenezi. Pamene sitata palibe, lamulo la pashedi likhale loti magetsi akangothima aliyense azimitse ndi kuzula pulagi ya chimene amagwiritsa ntchito asanasunthe phazi. Grinder, makina a m'manja odulira ndi kupalira zitsulo, ndiyo yoiwalika kwambiri, popeza swichi yake imakhala yokhoma, ndipo ikadzuka ili pansi imathamanga yokha. Posintha sowo, mipeni kapena disiki, pulagi ikhale pamene mukuiona ndi maso anu, kuti mnzanu asailowetse poganiza kuti ndi ya wailesi.

Magetsi athu ndi a mavoti 230, okwanira kupha munthu woima pansi ponyowa nthawi ya dzinja. Mawaya osenda olowetsa m'soketi n'kupanikiza ndi timitengo ta machesi, ndiponso mfundo zokulunga ndi jumbo, zisapezeke pashedi. M'pulagi ya mano atatu waya wa bulauni ndi wamoto, wabuluu ndi wobwerera, wobiriwira ndi chikasu ndi wa earth, ndipo makina a thupi lachitsulo opanda waya wachitatuyu amasandutsa munthu kukhala njira ya magetsi tsiku limene waya wamkati wasupuka. Fyuzi ya 13 amp imanyamula pafupifupi mawati 3,000. Ikamapsa kawirikawiri pali vuto, ndipo kuikapo msomali sikuthetsa vutolo. Pa bokosi la magetsi pakhale earth leakage ya 30 mA, swichi yodula magetsi yokha akayamba kudutsa m'thupi la munthu, muziidina batani loyesera nthawi ndi nthawi. Nthambo yaitali ikhale ya 2.5 mm², yotambasula yonse, chifukwa yokulunga imatentha mpaka kusungunuka. Jenereta iziliza panja: utsi wake uli ndi mpweya wakupha wopanda fungo lochenjeza.

Grinder ndi ya zitsulo ndi miyala. Kumangapo sowo ya mano kuti muzidulira matabwa kapena kusema miyendo ya mipando ndi chinthu choopsa kuposa china chilichonse chimene chatchulidwa pano. Grinder yaing'ono ya mamilimita 115 imazungulira maulendo pafupifupi 11,000 pa mphindi, ilibe phazi lotsamira pathabwa, ilibe gadi yobwerera yokha. Dzino limodzi likakola mfundo, chida chonse chimadumphira kumene kuli ntchafu, dzanja lamanzere kapena khosi, chikuzungulirabe. Chimodzimodzinso kuchotsa gadi kuti disiki yaikulu ikwane: disiki ya mamilimita 230 inapangidwira liwiro la pafupifupi 6,600, ndiye pa 11,000 imaphulika. Liwiro lololedwa limalembedwa pa disiki pomwepo, ndipo ambiri mwa madisiki amakhalanso ndi deti lothera ntchito pa kamphete kachitsulo ka pakati. Disiki yopyapyala ndi yodulira basi, osaipalira cham'mbali. Yagwa pansi, yanyowa kapena yang'ambika m'mphepete, itayeni. Yatsopano muiyatse kaye theka la mphindi italoza kumbali. Ndipo zitsulo zidulidwire panja, kutali ndi utuchi, chifukwa kamoto kogwera mu utuchi kamafuka pang'onopang'ono n'kudzayaka anthu ataweruka.

Pa pulena ya patebulo dzanja lisadutse pamwamba pa mipeni, ngakhale pali thabwa pakati. Thabwa likadutsa mipeni, manja asamukire mbali yotulukira mmodzimmodzi, ndipo mbali ya mipeni imene sikugwira ntchito ikhale yovundikira. Thabwa lofupika kuposa masentimita 30 lisapite pamenepo, lipaleni ndi pulena ya manja. Musadye zoposa mamilimita 3 paulendo umodzi, ndipo pa mlombwa kapena mbawa milimita imodzi ndi yokwana. Mukabwezera mipeni yonola, mangani mabawuti onse kuyambira pakati kupita kumapeto, kenako muwabwerezenso. Pa makina opala omeza thabwa, musasuzumire kukamwa kwake akulira, ndipo musalowetse pamodzi matabwa osiyana kuchindikala, chifukwa lopyapyalalo siligwidwa ndipo limalavulidwa chambuyo. Matabwa ogumula panyumba ndi a mapaleti afufuzidwe misomali kaye. Msomali umodzi umabenthula dzino la sowo, ndipo kachidutswako kamapita kumaso.

Router, makina a m'manja osemera mizere ndi m'mphepete mwa thabwa, iziyenda motsutsana ndi kumene mpeni wake ukuzungulira, ndipo mzere wakuya udyedwe maulendo angapo. Pobowola, kachidutswa kakang'ono kapanidwe ndi kalampu, osati ndi zala.

Magolovesi ndi abwino ponyamula matabwa, koma pa makina ozungulira avuleni. Mano akagwira chala chopanda kanthu amachicheka, akagwira golovesi amakoka dzanja lonse. Malaya a manja aatali apindidwe, mphete ndi wotchi zivulidwe, ndipo amayi amene alowa ntchitoyi amange tsitsi ndi kusiya chitenje cholendewera. Patapata si nsapato ya pashedi. Magalasi oteteza maso avalidwe ngakhale podula kamodzi kokha.

Utuchi ndi phokoso sizitulutsa magazi, n'chifukwa chake zimanyozedwa. Fumbi la mitengo, makamaka yolimba, limayambitsa mphumu ndipo ndi lodziwika kuti limayambitsa khansa ya m'mphuno. Loopsa ndi losalala lija la posanda, limene limaoneka pokhapokha dzuwa likalowa pa bowo la lata. La MDF, matabwa opangidwa ndi utuchi woumbidwa, ndiye losalala kwambiri ndipo lili ndi guluu. Kansalu komanga pamphuno sikaligwira; pamafunika masiki ya FFP2 kapena FFP3 yogwira bwino nkhope, ndipo ndevu zimailowetsa mpweya m'mbali. Posesa wazani madzi pang'ono, osapemerera ndi kompuresa. Mkaka umene ena amamwa akaweruka poti uchotse fumbi umapita m'mimba, fumbi lili m'mapapo. Za phokoso, malire ndi madesibo 85 pa maola 8, ndipo pulena ikamadya thabwa imatha kufika 100, pamene makutu amayamba kuonongeka pa mphindi zowerengeka. Ngati mukuchita kukuwa polankhula ndi munthu amene ali pa mita imodzi, tsekani makutu ndi zotsekera zake. Kumva kukapita sikubwerera. Thina ndi vanishi zikhale zotseka, kutali ndi mbaula yophikira nsima, ndipo nsanza zonyowa ndi mafuta a linseed ziyanikidwe chotambasula panja, chifukwa zikaunjikidwa zimatha kuyaka zokha.

Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo wa chitetezo cha antchito pa mwini ntchito. Mnyamata wophunzira asapatsidwe sowo chifukwa choti bwana wapita kukagula guluu ku Limbe. Ayambe wadziwa pozimitsira makina aliwonse, ndipo pashedi pasakhale munthu mmodzi yekha makina akulira.

Ngozi ikachitika, zimitsani makina kaye. Pabala panikizani ndi nsalu yoyera mwamphamvu kwa mphindi 10 osasuzumira, dzanja litakwezedwa pamwamba pa chifuwa. Nsalu ikanyowa onjezerani ina pamwamba, yoyambayo musaichotse. Musathirepo utuchi, thina, guluu kapena dothi. Chala chikaduka chitoleni, chikulungeni mu kansalu koyera konyowa pang'ono, muchiike mu jumbo yomanga bwino, jumboyo muiike m'madzi a ayezi. Chalacho chisakhudzane ndi ayezi. Pitani nacho pamodzi ndi wovulalayo ku Queens mwachangu, ndipo asadye kapena kumwa kanthu panjira popeza angafunike kulowa ku fiyeta. Kanthu kakalowa m'diso tsukani ndi madzi oyera ambiri osatikita, koma ngati kabaya musakazule, phimbani diso ndi kapu ya pulasitiki osakanikiza. Bala la msomali kapena la sowo, ngakhale laling'ono, mukafunse za katemera wa kafumbata.