Mfuti ziwiri za .22 pa benchi: oyilo, mwaye ndi kusintha mpope

Ntchito yoyerekeza mfuti za CZ 455 ndi Ruger 10/22 yafika sabata yachinayi. Zonse ziwiri zili ndi ziphaso zake, zonse zimadya zipolopolo za mtundu wa .22 LR, ndipo chandamale chili pa mamita 50. Chomwe chaonekera poyera ndi ichi: kuchuluka kwa oyilo kumadalira komwe mwaye wa onga umapita mfuti ikalira.

Pa CZ, bolt (chitsulo chotseka kumbuyo kwa mpope) imakhala yotseka mpaka dzanja litaitsegula, choncho utsi wonse umatulukira kutsogolo. Zipolopolo 200 zitatha, kumaso kwa bolt kunali kamzere kakuda chabe ndi timwaye pansi pa extractor, kangowe kokoka khoko la chipolopolo. Apa pofunika ndi kagirizi kochepa ngati njere ya mpunga pamalo pomwe chogwirira cha bolt chimatsamira potseka, ndi pa kampata kopendekeka komwe kamakoka firing pin, pini yogunda chipolopolo kuti chilire. Thupi la bolt lingopukutidwa ndi kansanza konyowa pang'ono. Basi.

Ruger ndi nkhani ina. Mfuti imeneyi, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1964, bolt yake simangika konse; imagwiridwa ndi kulemera kwake ndi sipuling'i, ndipo khoko la chipolopolo ndi lomwe limaikankhira m'mbuyo. Pamene ikutseguka, utsi umakhala usanathe mumpope, ndiye mwaye umalavulidwira mkati. Onjezanipo phula lomwe amapaka pa mtovu wa .22 LR. Mukathira oyilo wambiri, zitatuzi zimasanduka phala lakuda lomata ngati la m'chitini cha girizi wakale, bolt imayamba ulesi, makoko amapanikizika pakhomo potuluka. Madontho awiri pa ndodo ya sipuling'i ndi limodzi lopaka ndi chala pamwamba pa bolt ndi okwanira. Ambiri amaimba mlandu magazini, kabokosi ka zipolopolo, pamene vuto ndi botolo la oyilo.

Mfundo yomweyi ndi imene imasiyanitsa mfuti zikuluzikulu zoyendera gasi wa onga. Pa kapangidwe ka Kalashnikov (mfuti ngati AK-47), gasi amagunda pisitoni kutsogolo ndipo mwaye umathera komweko; pisitoniyo imasiyidwa youma. Pa AR-15, yomwe anakonza Eugene Stoner, gasi amadutsa m'kapaipi n'kulowa mkati mwa chonyamulira bolt, kutentha kwake kumaumitsa oyilo msanga, n'chifukwa chake imeneyo imafuna kukhala yonyowa. Lamulo la mfuti imodzi musalitengere kwa inzake.

Malo awiri asaone oyilo pa mfuti iliyonse nthawi yowombera. Oyamba ndi chamber, pokhala chipolopolo kumbuyo kwa mpope: khoko liyenera kugwira khoma pamene onga ukupsa, ndipo likaterereka mphamvu yambiri imagwera pa bolt. Achiwiri ndi njira ya firing pin. M'mawa wa Juni kapena Julaye kuno ku Mzuzu, oyilo wosakanikirana ndi fumbi amalimba, pini imagunda mofooka, chipolopolo chimangotsala ndi kachipsera m'mphepete osalira.

Koma mdani weniweni ku Mzuzu ndi dzimbiri. Mvula imachedwa kutha, nkhungu imalowa mpaka m'kabati, ndipo chala chathukuta chikakhudza chitsulo madzulo, pakapita masiku ochepa mupeza chidindo chofiirira. Posunga, mpope upakidwe oyilo mkati ndi kunja, kenako upukutidwe ndi kansalu kouma musanawombere. Chikwama chokhala ndi siponji mkati chimasunga chinyontho. N'chonyamulira, osati chosungiramo.

Tsopano za mipope. CZ 455 inapangidwa kuti mpope uzichoka: masikuluwu awiri ang'onoang'ono pansi ndi omwe amaugwira, ndipo pali mipope ya .22 LR, .22 WMR ndi .17 HMR. Chotsani magazini, onetsetsani kuti mulibe chipolopolo, tulutsani bolt, chotsani thabwa, masulani masikuluwu awiriwo, mpope usolokera kutsogolo. Poika wina, pukutani tsinde lake lisakhale ndi kamchenga n'kamodzi komwe, mpata wa extractor uloze malo ake, ndipo mangani mosinthanasinthana pang'onopang'ono ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa mlingo wa m'buku la mfutiyo. Magazini nayo isinthidwe, chifukwa zipolopolo za .22 WMR ndi .17 HMR n'zazitali. Ndipo .22 LR isalowe mumpope wa .22 WMR: chamber yake ndi yotakasuka, khoko likhoza kung'ambika.

Mpope wa CZ womwewo utachotsedwa n'kubwezeredwa katatu, gulu la mabowo pa chandamale silinabalalike, koma linasuntha pafupifupi chala chimodzi nthawi iliyonse, popeza scope, galasi lochalirira, imakhala pathupi la mfuti osati pampope. Mfuti ina yosintha mipope, Blaser R8, inathana nalo vutoli poika scope pampope penipeni, ngakhale mtengo wake ndi wina. Kwa ine kusintha mpope n'kothandiza kwa munthu wosintha kawiri pachaka, osati Loweruka lililonse.

Pa Ruger mpope umagwiridwa ndi kachitsulo kooneka ngati V ndi masikuluwu awiri. Thupi lake ndi la aluminiyamu, ndiye mukamanga mopyola muyeso mpope umaweramira pansi. Sulolanso ndodo yotsukira kulowera kumbuyo, choncho chingwe chokoka ndicho chabwino kuti mlomo wa mpope usakalike.

Sabata yamawa ndiwerenga kuti mpope wotsukidwa kumene ufuna zipolopolo zingati kuti phula likhazikikenso ndi gulu libwerere pamodzi, mfuti iliyonse payokha.