Mmene ndinapangira mapu a madzi osefukira ku Chibavi

M'chaka chomaliza pa Mzuzu University, ku Luwinga, wophunzira za malo ndi mapu amachita kafukufuku wakewake. Ine ndinasankha kupanga mapu osonyeza nyumba zimene madzi amalowa mvula ikanyanya ku Chibavi. Amene anali mu Mzuzu mu April 2016 akukumbukira momwe mvula inagwetsera nyumba m'madera angapo a mzindawu. Ndalemba izi kuti inu amene mukubwera m'mbuyo mwathu muone njira yonse musanayambe.

Choyamba ndi kalata. Mphunzitsi wokuyang'anirani akavomereza mutu, pemphani kalata yokudziwitsani, mukaionetse ku khonsolo ya mzinda, kenako kwa block leader wa dera lomwe mukagwireko ntchito. Munthu wachilendo woyendayenda kuseri kwa nyumba za eni ndi kachipangizo m'manja amamuganizira kuti wabwera kudzadula mapuloti, ndipo palibe angamuuze zoona.

Pa kompyuta ndinagwiritsa ntchito QGIS, pulogalamu yopangira mapu. Ndi yaulere ndipo imayenda ngakhale pa laputopu yokalamba, pomwe ArcGIS imafuna laisensi yogula. Zithunzi za setilaiti ndi zaulerenso. Za Landsat, zomwe mumazipeza pa webusaiti ya EarthExplorer, kadontho kamodzi ka chithunzi kamaimira mamita 30 pansi, pomwe za Sentinel-2 ndi mamita 10. Ine ndinatenga Sentinel-2. Kukwera ndi kutsika kwa nthaka ndinakutenga ku SRTM ya mamita 30, deta yoyezedwa kuchokera mumlengalenga, misewu ku OpenStreetMap, mapu aulere a pa intaneti. Mafayilo amenewa amadya bandulo, choncho gwirizanani anzanu angapo, mmodzi atsitse, ena mukopere pa fulashi. Ndipo sankhani zithunzi za August mpaka October. Mzuzu ndi wa mitambo, chithunzi cha m'dzinja nthawi zambiri mumangoona zoyera zokhazokha.

Tsopano pali nkhani ya datum, maziko omwe manambala osonyeza pomwe malo ali amawerengedwerapo, yomwe ndikufuna muimvetse bwino chifukwa ndi pamene mapu ambiri amapotokera mwini wake osadziwa. Mapu akale a boma a sikelo ya 1:50,000, aja masentimita awiri amaimira kilomita imodzi, anajambulidwa pa datum ya Arc 1950. GPS ndi foni yanu zimawerenga pa WGS 84. Malo amodzimodziwo, manambala ake amasiyana ndi mamita oposa 200 pakati pa ziwirizi. Ku Chibavi mamita 200 ndi okwanira kuchotsa nyumba pamtunda n'kuiika pakati pa dambo. Ndiye mukasikana mapu akale n'kuwalowetsa mu QGIS, iuzeni QGIS kuti mapuwo ndi a Arc 1950, UTM zone 36S (chigawo cha dziko lapansi chomwe Mzuzu alimo), yomwe nambala yake yoisankhira mu QGIS ndi EPSG:20936. Polojekiti yonse ikhale pa EPSG:32736, yomwe ndi WGS 84 ya zone yomweyo, kuti muziyeza mitunda m'mamita osati m'madigiri. Poyesa ngati zili bwino, ndinkayang'ana manambala: pakati pa Mzuzu easting, nambala yowerengera chakum'mawa, imakhala cha m'ma 611,000 ndipo northing, yowerengera chakumpoto, cha m'ma 8,733,000. Mukaona zotalikirana kwambiri ndi izi, imani kaye.

Kuchokera ku SRTM ndinatulutsa matsetse ndi njira zomwe madzi amatsata, kompyuta n'kundipatsa madera otsika omwe akuoneka kuti ndi oopsa. Apa mtima umafuna kunena kuti ntchito yatha. Sinathe. SRTM inajambulidwa m'chaka cha 2000, sidziwa za ngalande yotsekeka ndi zinyalala, mpanda wa njerwa womwe wina anamanga chaka chatha n'kukhotetsa madzi, kapena dothi lomwe anthu anathira kuti akweze puloti. Zimenezi zimadziwika ndi okhala komweko basi.

Ndinabwereka GPS ya m'manja, ndinagula mabatire apadera, n'kukwera kabaza. Block leader anandipatsa mnyamata wondiperekeza, amenenso ankandithandiza pomwe pankafunika Chitumbuka. Pakhomo lililonse ndinkayamba ndi moni ndi kufotokoza kuti ndine mwana wasukulu, sindinabwere kudzalemba maina a chithandizo. Zimenezi nenani poyambirira, chifukwa si bwino kuti munthu akuyankheni ali ndi chiyembekezo chomwe simungachikwaniritse. Kenako ndinkaima pabwalo, kutali ndi denga la malata ndi mitengo, n'kudikira kuti GPS igwire masetilaiti okwanira. Imafuna osachepera anayi, koma ndinkadikira mpaka isonyeze kuti ingaphonye ndi mamita asanu okha kapena kucheperapo. Nambala ya pointi ndinkailembanso m'kope ndi pensulo, poti inki imasungunuka mvula ikawaza.

Mayi wina wachikulire ananditengera kuseri kwa nyumba yake. Pakhoma la njerwa zosapaka pulasitala panali mzere wa matope ouma, pamwamba pang'ono pa bondo langa.

"Mwana wanga, madzi anafika apa," anatero akuloza ndi chala. "Koma sanachokere kudambo ayi. Anachokera kumsewu uko."

"Amayi, kumsewu kumene kuli kumtundaku?"

"Eya, kalavati ikatsekeka onse amakhotera kuno."

Pa kompyuta yanga nyumba imeneyo inali m'dera lotetezeka. Ndinayeza mzerewo ndi tepi, ndinaujambula atandilola, ndipo kuyambira pamenepo ndinawonjezera funso lakuti madzi amachokera mbali iti. Funso limeneli ndi lomwe linapatsa kafukufuku wanga mutu weniweni: mapu anga anatuluka ndi magulu awiri, nyumba zovutika chifukwa zili m'dambo ndi nyumba zovutika chifukwa cha ngalande. Mavuto awiriwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo ndimaona kuti mapu owasakaniza angapangitse kuti banja liuzidwe kusamuka pomwe chofunika chinali kungotsegula kalavati.

Madzulo aliwonse ndinkatsitsa mapointi, kuwasunga ngati CSV, yomwe ndi fayilo ya tebulo, kuwalowetsa mu QGIS ndi kusunga kope lina pa fulashi. Maina a anthu sindinawaike m'tebulo, nyumba iliyonse inali ndi nambala chabe.

Chomaliza ndi kukonza tsamba la mapu mu Print Layout ya QGIS. Pakhale mutu, muvi woloza kumpoto, mzere wa sikelo, kiyi yofotokoza zizindikiro, datum yomwe mwagwiritsa ntchito, kumene deta yachokera ndi chaka chake, komanso kamapu kakang'ono kosonyeza pomwe Chibavi ali mu Mzuzu. Tulutsani pa 300 dpi, kutanthauza madontho 300 pa inchi. Musanapite kokamanga buku, sindikizani tsamba limodzi la zakuda ndi zoyera muone ngati magulu akusiyanabe, chifukwa zofiira ndi zobiriwira zikafotokopedwa zimafanana. Ine gulu lina ndinaliika mizere yopingasa, linalo madontho, ndipo kope lomwe ndinakasiya kwa block leader linkawerengeka bwinobwino.