Njinga zamoto za kabaza zikundidetsa nkhawa

Abale anga, nkhani ya kabaza wa njinga zamoto ikundisowetsa mtendere. Anyamata athuwa sindidana nawo, akusaka ya ndiwo, ndipo kumene minibasi sizifika ndi iwowo amatifikitsa. Koma tisamanamizane kuti kukwera njinga ndi chimodzimodzi ndi kukwera galimoto.

M'galimoto muli lamba, muli zitsulo zokuzungulira, ndipo pakachitika ngozi choyamba kupindika ndi chitsulocho. Panjinga choyamba kugunda tala ndi bondo lako kapena mutu. Matayala ndi awiri okha, ndiye kamchenga pakona, dzenje lobisika ndi madzi nthawi ya dzinja, ngakhale galu wongodutsa, basi mwagwa nonse.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo limati helemeti yovalidwa bwino imachepetsa kwambiri imfa ndi kuvulala kwa ubongo. Kuvala bwino ndiye kuti lamba wapachibwano wamangidwa. Nanga taonani ku Lilongwe kapena ku Limbe: woyendetsa wangoikhazika pamutu, lamba akulendewera, wokwera alibe n'komwe. Pena atatu panjinga imodzi. Mayi wabereka khanda kumbuyo, chitenje chikuuluka pafupi ndi tcheni. Khandalo ndi limene limandipweteka mtima kwambiri, chifukwa mayi akagwa chagada, ilolo ndi limene limayamba kufika pansi.

Ine wa kabaza wopanda helemeti ya wokwera sindimukwera. Akayamba kuthamanga kapena kulowerera pakati pa malole, ndimamugwira paphewa n'kumuuza kuti, "Achimwene, imani nditsike."